Mwana wobadwa ndi cilema afunika cipatala, osati mlandu

M'midzi yambiri, mwana akabadwa ndi mlomo wong'ambika, matumbo ali kunja, kapena alibe njira yocitira cimbudzi, banja limathamangira kufuna wolakwa. Ena amati mai wace anacimwa, ena amaloza cala nkhalamba kuti ndiyo mfiti. Pamene akulu ali kuombeza ula, khandalo liri kuzizidwa ndi kutha madzi m'thupi.

M'caka ca 2021 madokotala analengeza zimene anapeza atafufuza ana 3,849 m'maiko 74, onse obadwa ndi zilema za kum'mero, m'mimba ndi m'matumbo zofunika opaleshoni. M'maiko olemera anamwalira ana osakwana 6 pa 100 alionse, koma m'maiko osauka anamwalira pafupifupi 40. Zilemazo zinali zofanana. Cimene cinasiyana ndico cisamaliro: ana ambiri a m'maiko osauka anafika kucipatala atadwala kale, ndipo zipangizo zowathandiza kupuma ndi kuwadyetsera m'mitsempha zinali zosowa.

Motero ulendo uyenera kuyamba tsiku lomwelo. Ngati matumbo ali kunja, akutidwe ndi pulasitiki yoyera, mwana afunditsidwe, ndipo pasapakidwe mankhwala alionse acikuda. A kukiliniki adzamtumiza kumene kuli madokotala a opaleshoni, monga ku University Teaching Hospital mu Lusaka. Cipatala ca Beit CURE, cimene cinatsegulidwa mumzinda womwewo mu 2006, cimakonza milomo yong'ambika ndi mapazi opindika.

Zilema zina zingapewedwe. Kufufuza kwa mu 1991 kunatsimikiza kuti mankhwala a folic acid amacepetsa zilema za msana ndi ubongo. Popeza njira ya msana wa mwana imatsekeka m'masiku 28 oyamba, pamene amai ambiri sanadziwe kuti ali ndi pakati, mai wofuna mwana ayambe kumwa mankhwalawa asanaime, ndiponso aleke mowa.

Mwana wobisidwa m'nyumba salembedwa m'buku la cipatala, ndipo Boma silingakonze cithandizo ca ana amene silinawawerenge. Anamwino alembe cilema ciriconse ndi m'mene mwanayo anathera. Mafumu ndi anyakwawa aletse mcitidwe woneneza amai, ndi kusonkhanitsa mudzi kuti upeze ndalama za ulendo. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambi umenewu sunapatule mwana wobadwa ndi cilema.