Mwana wa zaka 11 m'sitima: mum'masule pati, mum'gwire pati?

Sukulu zikatsekera, mabanja ena amakwera sitima ya Ilala kupita ku Likoma kapena ku Nkhata Bay. Abale athu ena okhala ku South Africa amasunga ndalama chaka chonse kuti akakwere zisitima zikuluzikulu zonyamuka ku Durban kulowera kugombe la Mozambique. Onsewa akakhala ndi mwana wa zaka 9 mpaka 12 amakumana ndi funso limodzi: kodi timulole aziyendayenda yekha m'sitimamo? Ine ndikuti mulekeni ayende. Koma muyeso wake ukhale malo ndi nthawi, chifukwa zaka zokha sizikuuzani zambiri.

Mwana wa msinkhu umenewu kwathu kuno timamukhulupirira kale. Amapita yekha kuchigayo, amabereka mng'ono wake, amakagula mchere ndi kubweza chenji chokwanira. Ndiye zimandipweteka kuona mwana yemweyo atakhomeredwa pabenchi tsiku lonse, akukalipiridwa akangoimirira, pamene kunja kukudutsa mapiri a Usisya ndi asodzi a usipa m'mabwato awo. Ulendo wotere mwina sadzauyendanso ali mwana. Komanso sitima ikakhala pakati pa nyanja masana, kuli bata, mwana sangasochere kutali. Ilala ndi yotalika mamita pafupifupi 52 basi. Akhoza kupita kukagula chakumwa, kukaona mmene akupangira katundu, kucheza ndi anzake, n'kubwera.

Pamene pamandidetsa nkhawa ndi pena. Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, n'kubwera m'zidutswa, ndipo inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. M'malo ena imene imaima, monga Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe, sifika kumtunda. Imaima patali, anthu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono. Aliyense amene anaonapo nthawi imeneyi akudziwa mmene zimakhalira. Matumba a ufa ndi malata akutsitsidwa, okwera akulimbirana ndi otsika, boti likukwera ndi kutsika ndi mafunde, ndipo nthawi zina kuli mdima. Phazi likaterereka pakati pa boti ndi sitima, palibe nthawi yokambirana. Apa mwana wa zaka 12, ngakhale akhale wochenjera bwanji, akhale patsogolo panu, dzanja lanu lili pa iye, katundu anyamule wina. Ndaonapo makolo ochuluka akuchita mosemphanitsa: sitima ikuyenda bwinobwino amam'manga mwana, koma ikaima maso awo onse amapita pa katundu.

Nthawi ina yogwira mwana ndi ya mwera. Mphepo imeneyi imaomba kuchokera kummwera makamaka miyezi yozizira, ndipo nyanja yathu, imene pena ndi yakuya mamita pafupifupi 700, imasanduka ina. Mu 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanjayi nyengo itaipa, n'kupha anthu oposa 140. Sindikukumbutsa zimenezi kuti muope ulendo. Ndikufuna mwana auzidwe zoona, kuti sitima ikayamba kupendekeka, masitepe anyowa, ufulu wake waima kaye mpaka kukhale bata. Usikunso n'chimodzimodzi.

Eni zisitima zikuluzikulu za kunja anaiganizira kale nkhaniyi. Makampani monga Royal Caribbean ndi Carnival ali ndi malo osungirako ana, ndipo mwana wa zaka 9 mpaka 11 amaloledwa kutulukamo yekha pokhapokha kholo litavomereza. Ana aang'ono amavekedwa kachibangili kosonyeza malo amene ayenera kusonkhana pakagwa ngozi. Chichitikireni ngozi ya Costa Concordia ku Italy mu 2012, imene inapha anthu 32, okwera amaphunzitsidwa zochita pangozi sitima isananyamuke. Komabe zisitima zimenezi zili ndi vuto lake. Icon of the Seas, imene inayamba kuyenda mu 2024, ili ndi nsanjika 20 ndipo imanyamula anthu oposa 7,000. Imeneyo ndi tawuni, yokhala ndi mabala, maiwe osambiramo ndi zipinda zokhoma masauzande. Mwana wanu simungamulole kulowa m'chipinda cha mlendo ku Limbe. Musamulolenso m'sitima chifukwa choti nonse munalipira tikiti.

Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo m'Ilala mawuwa amagwiradi ntchito. Amayi ogulitsa nsomba amam'kalipira mwana wa eni akakwera pazitsulo za m'mphepete, ndipo amachita bwino. Koma musadalire zimenezi mpaka kugona tulo. Pagulu la anthu ochuluka aliyense amaganiza kuti wina akumuyang'ana mwanayo. Ndipo si wamkulu aliyense womwetulira amene ali ndi mtima wa kholo, makamaka kumene kukumwedwa mowa.

Chimene ndingachite ine n'chosavuta. Mukangokwera, yendani naye sitima yonse. Muonetseni pamene pali majekete oyandamitsa munthu pamadzi, ogwira ntchito m'sitima amene angawafunse, ndi malo amodzi okumanirana mukasowana. Musadalire foni, netiweki pakati pa nyanja imabwera ndi kupita. Kenako mutumeni kanthu kakang'ono, muone ngati abwera pa nthawi imene mwagwirizana. Akasunga nthawi, muwonjezereni mpata. Akalephera, muchepetseni popanda kumuchititsa manyazi pagulu. Ngati ali awiri, aziyenda limodzi, koma musam'senzetse wa zaka 11 udindo woyang'anira wa zaka zinayi pafupi ndi madzi. Ntchito imeneyo ndi ya munthu wamkulu.

Ndipo mufunseni ngati amatha kusambira. Ana ambiri a ku Lilongwe ndi ku Blantyre sadziwa, ngakhale amanena kuti amadziwa pofuna kufanana ndi anzawo a kunyanja.

Makolo anzanga, tchuthi chikubwerachi mulekeni mwanayo aione sitima ndi maso ake masana. Koma mukamva injini yachepetsa liwiro ndipo maboti ayamba kutsitsidwa, siyani katunduyo, muyambe mwapeza mwana.