Wokaona masamba akumbuke kuti ali kwa eni

Sabata ino tiyeni tilingalire za mwambo wina wa kumpoto chakum'mawa kwa dziko la America, m'dera lotchedwa New England. Chaka ndi chaka, kuyambira kumapeto kwa Seputembala kufikira pakati pa Okutobala, anthu amalawirira m'mamawa pa magalimoto awo kupita kumapiri, kukaona masamba a mitengo basi. Pa nthawi imeneyi, nyengo ya chisanu isanafike, nkhalango zimasanduka zofiira ndi zachikasu. Umodzi mwa misewu yotchuka ndi Kancamagus Highway m'chigawo cha New Hampshire, wotalika makilomita pafupifupi 55 kuchokera ku Lincoln kukafika ku Conway. M'njira yonseyo mulibe sitolo kapena malo omwetsera galimoto, muli nkhalango, mitsinje ndi mapiri okhaokha.

Chimene anthuwa amakaona ndi kufa kwa tsamba. Masana akayamba kufupika, mtengo umaleka kupanga chlorophyll, chinthu chimene chimabiriwiritsa masamba. Pamenepo mtundu wachikasu, umene unali m'tsambamo kuyambira kale koma wobisika, umaonekera. Kufiira kumapangidwa pa nthawi yomweyo kuchokera ku shuga wotsalira m'tsamba, ndipo kumawala kwambiri pamene masana kuli dzuwa, usiku kukuzizira. Patapita masabata ochepa, masamba onse amayoyoka. Kukongola kwake n'kosakhalitsa, ndiye chifukwa chake anthu amathamangira.

Koma kuthamangira kumeneku kwabala mavuto. M'chigawo cha Vermont muli katauni kotchedwa Pomfret, ka anthu osakwana 1,000. Zithunzi za famu ina ya m'mphepete mwa msewu wafumbi wa Cloudland Road zitafala pa Instagram ndi TikTok, alendo anayamba kukhamukirako. Magalimoto ankaima paliponse mpaka kutseka njira. Ena ankalowa m'minda ya eni popanda kuodira, ena ankaulutsa ma drone pamwamba pa nyumba za anthu. Mu 2023 akuluakulu a tauniyo analamula kuti kuyambira pa 23 Seputembala mpaka pa 15 Okutobala msewuwo utsekedwe kwa alendo, azidutsamo eni dera okha. Mu 2024 anautsekanso.

Ine ndikuona kuti anthu a ku Pomfret anachita bwino. Ndikudziwa kuti ena atsutsa, ndipo mfundo zawo si zopepuka. Adzanena kuti msewu ndi wa aliyense, kuti masamba sanalengedwe ndi mwini famu, komanso kuti alendo amabweretsa ndalama m'malo ogona, m'malesitilanti ndi kwa ogulitsa manyuchi a mtengo wa mapulo, amene Vermont imapanga ochuluka kuposa chigawo china chilichonse ku America. Zonsezi n'zoona. Komabe ndalama ya mlendo siigula ufulu woponda mbewu za munthu kapena wotsekereza njira imene ambulansi ingafune kudutsamo. Makolo athu anati mlendo ndi mame. Iye amabwera n'kupita tsiku lomwelo, koma mwini mudzi amatsala ndi zinyalala ndi mpanda wothyoka.

Palinso china chimene chikundidetsa nkhawa koposa. Alendo ambiri aja ankafuna chithunzi chimodzi chokha, chofanana ndendende ndi chimene anachiona pa foni. Vermont yonse inali itafiira, misewu yabata inalipo yambirimbiri, koma iwo anaunjikana pakhomo limodzi. Munthu wotere amafika, n'kufulatira mitengo, n'kumwetulira kamera, n'kubwerera. Kodi tinganene kuti waona masamba? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene wazimitsa galimoto pamalo oyenera, nayenda pansi kwa ola limodzi, namva masamba ouma akuchita tswatswa kumapazi, ndiye wapindula ndi ulendowo, ngakhale atabwerera wopanda chithunzi.

Mlendo wodekha amafunsanso kuti mitengoyi inachokera kuti. M'zaka za m'ma 1800 gawo lalikulu la Vermont linali litadulidwa mitengo, anthu pofuna matabwa, minda ndi msipu wa nkhosa. Ulimi wa m'mapiriwo utalowa pansi, minda yambiri inasiyidwa ndipo nkhalango inabwerera pang'onopang'ono. Lero pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chigawochi ndi nkhalango. Mitengo imene alendo akuijambula inatenga zaka zoposa 100 kuti ibwerere, ndipo ambiri mwa malo amenewa ndi a mabanja wamba amene amawasamala. Kunyoza eni malo ndi kunyoza anthu amene akusunga chinthu chimene wabwera kudzasirira.

Ife kuno tili ndi nyengo yathu ya masamba ofiira, kungoti imayenda mosiyana. M'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, mvula isanagwe, mitengo ya miombo imaphuka masamba atsopano ofiira asanabiriwire. Chofiiritsa chake, chotchedwa anthocyanin, ndi chomwecho chimene chimafiiritsa mapulo a ku Vermont. Amene anadutsapo m'nkhalango ya Nkhotakota kapena ya Dzalanyama pa nyengoyi akudziwa zimene ndikunena. Komatu ku Dzalanyama mitengo yomweyo ikutha ndi makala, ndipo ambiri a ife timangodutsa pa minibasi maso ali pa foni.

Choncho pamene gulu lathu likonza ulendo wa tsiku limodzi, kaya wa kuphiri kaya wa kunkhalango, tiyambe tafunsa kuti malowo ndi a yani. Tikafika tipereke moni kwa eni, tiodire tisanalowe m'munda, tipemphe tisanajambule munthu kapena nyumba yake, ndipo mapepala ndi mabotolo athu tibwerere nawo. Tikatero, tiike mafoni m'matumba kwa kanthawi, tikhale pansi pa mtengo umodzi, tiuyang'anitsitse. Pochoka, eni malo athe kutiuza ndi mtima wonse kuti tidzabwerenso chaka chamawa.