Mtayo nayenso ndi mwana

Kaya ndi ku Dedza, ku Katete kapena ku Angónia, mwana akabadwa wakufa timati mtayo. Amakamuika amayi okhaokha mwakachetechete, ndipo make timamuletsa kulira. Wamkulu akamwalira timamumangira chiliza cha simenti, koma khandali silipatsidwa ngakhale dzina.

Tsono mayi akadzala mtengo pakhomo kuti azikumbukira mwana wakeyo, ena mwa inu mukuti n'zachizungu, akuitana tsoka. Zachizungu ziti? Manda a Achewa ndi misitu, ndipo palibe amene amatemako nkhuni. Makolo athu ankathira nsembe patsinde pa msolo. Chobwera ndi simentiyo, abale anga.

Mulekeni adzale m'bawa wake, aziuthirira. Munamuletsa kale maliro, musamuletsenso kukumbukira.