Gasi ndi wathu, koma yureya akuchokera kutali

Mvula ikayandikira, funso la alimi a ku Mitande, Ngauma ndi Cuamba limakhala limodzi: thumba la yureya likugulidwa zingati chaka chino? Yankho lake limayambira kumene timibulu toyerati timapangidwa.

Yureya sakumbidwa pansi ayi. Amapangidwa m'fakitale kuchokera ku gasi wa pansi pa nthaka ndi mpweya timapumawu, ndipo poyamba amakhala wamadzimadzi. Amamutenthetsa kuti madzi aphwe, kenaka n'kumuwaza kuchokera pamwamba pa nsanja yaitali. Madontho akamagwa amakumana ndi mphepo yochokera pansi, ndipo pofika pansi amakhala atauma n'kusanduka timibulu. Mkaka wa ufa ndi sopo wa ufa amaumitsidwanso powaza chonchi, m'mpweya wotentha.

Timibulu n'tosavuta kunyamula, kusunga ndi kuthira pa phando. M'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitrojeni, chakudya chobiriwitsa chimanga ndi fodya.

Vuto n'lakuti yureya amene timathira kuno amachokera kunja. Amafika pa sitima ya pamadzi ku madoko ngati Nacala, ndipo ulendo wonse wofika kuno umawonjezera mtengo. Gasi akakwera mtengo kunjako, monga zinachitikira mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba, mlimi wa ku Mandimba amalipira nawo.

Chonsecho gasi tili naye ku Cabo Delgado. Kuyambira mu Novembala 2022, Mozambique akugulitsa kunja gasi wa ku Coral Sul. Mu 2017 boma linasankha kampani ya Yara ya ku Norway kuti imange fakitale ya feteleza yogwiritsa ntchito gasi wa kumeneko, koma sinamangidwe. Ndiye kuti gasi akutuluka, feteleza akulowa, ndipo mtengo ukupangidwa ndi ena. Atsogoleri akamakamba za gasi, tiziwafunsa kuti, nanga gawo la mlimi lili pati?

Podikira zimenezo, tisamale amene tagula. Yureya amakoka chinyezi, choncho thumba lizikhala lomanga, pa thandala, osati pa dothi. Pothira, kumbani kadzenje pambali pa phando n'kukwirira, chifukwa akasiyidwa pamtunda mphamvu yake ina imauluka ndi mpweya, ndalama n'kupita pachabe.