Tisadikire maliro kuti tithandize odwala impso

Kuno ku Zemba, monganso m'midzi yonse ya boma la Chadiza, maliro akagwa palibe amene amadikira kuuzidwa cocita. Amayi amabwera ndi ufa ndi nkhuni, adzukulu amatenga makasu, a mpingo amagona pa siwa usiku wonse. Mwambo umenewu ndi wabwino ndipo tiusunge. Koma lero tifuna tifunsane za munthu amene akali moyo, amene impso zake zinaleka kugwira nchito, ndipo afunika kufika ku Chipata kawiri kapena katatu pa sabata kuti makina akamutsuke magazi. Kodi ameneyu timamusonkhera ciyani? Kawirikawiri timangomuyendera masabata oyamba. Matenda akatalika mapazi athu amaleka kuponda pakhomo pake, ndipo banja limatsala lokha ndi katundu amene sangasenzedwe ndi nyumba imodzi.

Tiyambe tadziwa cimene cili kucitika m'thupi mwa mbale wathuyo. Munthu ali ndi impso ziwiri, ndipo nchito yake ndi kusefa magazi usana ndi usiku. Pa tsiku limodzi zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180, nkubweza ambiri m'thupi, nkutulutsa lita imodzi kapena awiri ngati mkodzo pamodzi ndi zoipa zonse. Zimathandizanso kuti BP ikhale pamalo pake, kuti magazi asacepe ndiponso kuti mafupa akhale olimba. Impso zikafooka, madzi ndi zoipa zimaunjikana. Miyendo ndi nkhope zimatupa, khungu limayabwa, cakudya cimanyansa, munthu amatopa asanagwire nchito iliyonse, ndipo pamapeto pake amabanika.

Pali kufooka kwa impso kwa mwadzidzidzi, monga kobwera ndi malungo aakulu, kutsegula m'mimba koopsa kapena kutaya magazi ambiri pobereka. Kumeneku nthawi zambiri kumatha munthu akathandizidwa msanga. Palinso kufooka kwa pang'onopang'ono, kumene kumatenga zaka, ndipo magwero ake aakulu ndi BP ndi shuga. Impso zikatheratu mwa njira imeneyi sizibwereranso. Wodwala amadalira makina, cimene madokotala amati dialysis, moyo wake wonse, kupatula ngati wapatsidwa impso ya munthu wina. Magazi amatuluka pa kapaipi, amadutsa mu sefa ya makina, nkubwereranso m'thupi ali oyera. Ulendo umodzi umatenga maola ngati 4.

Ena amaganiza kuti munthu akaikidwa pa makina ndiye kuti kwake kwatha. Mbiri ya makinawa ikutsutsa maganizo amenewo. Dokotala wa ku Netherlands, Willem Kolff, anapanga makina oyamba mu 1943, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ili mkati, ndipo mu 1945 anapulumutsa nawo munthu woyamba. Mu 1960, ku Seattle m'dziko la America, dokotala Belding Scribner anapeza njira yolumikizira wodwala ku makina mobwerezabwereza. Wodwala wake woyamba, Clyde Shields, anakhala zaka zina 11 ali pa makina a nthawi imeneyo, amene sangafanane ndi a masiku ano. Lero padziko lapansi pali anthu amene akhala pa dialysis zaka 20 ndi kupitirira, akulera ana ndi kugwira nchito zao.

Kwathu kuno zinthu zasinthako. Kale munthu wa kum'mawa anali kuyenda makilomita oposa 500 kukafuna makinawa ku UTH mu Lusaka. Tsopano cipatala cacikulu ca Chipata Central cili nao makina ake. Mu 2018 madokotala a pa UTH anacita opaleshoni yoyamba m'dziko muno yoika impso ya munthu wina mwa wodwala. Zimenezi ndi zoyamika. Koma tiyeni tiwerenge monga alimi. Kucoka pa boma la Chadiza kufika ku Chipata ndi makilomita oposa 70, osawerengera mtunda wocoka kumudzi kufika pamseu. Munthu wopita kawiri pa sabata amayenda maulendo 104 pa caka, wopita katatu amayenda 156, ndipo ulendo uliwonse ndi wopita ndi kubwera, nthawi zambiri ndi womuperekeza. Mvula igwe, mitsinje idzale, tsiku la makina silisunthika. Ndi nkhokwe iti ya cimanga, ndi matumba angati a soya kapena nshawa, amene angalipire maulendo otere caka ndi caka?

Apa mpamene mabanja ambiri amagwa. Amayamba kugulitsa mbuzi, kenaka ng'ombe zolimira, kenaka feteleza amene anayenera kupita kumunda. Wodwala amaona zonsezi ndipo mtima umamuwawa. Amayamba kudumpha masiku a makina kuti apulumutse ndalama, osauza munthu. Kudumpha kumeneku nkoopsa kwambiri, cifukwa madzi amadzaza m'mapapo, ndipo mcere wina wa m'magazi wochedwa potaziyamu ukacuruka ungathe kuimitsa mtima mwadzidzidzi. Munthu wotere sanagonje ku matenda. Wagonja ku manyazi opempha ndalama ya galimoto kwa anthu amene anamupatsa kale dzana.

Pali cinanso cimene cimadula wodwala kwa anzake, ndico manong'onong'o. Munthu akatupa miyendo kwathu kuno, mau amathamanga. Ena amati ndi tsempho, wina m'banjamo sanasunge mwambo. Ena amati walodzedwa cifukwa ca munda kapena ufumu. Mkazi amalozedwa cala, acibale amadana, ndipo wodwala amamwetsedwa zitsamba za mitundumitundu. Tinene mosabisa kuti impso zofooka sizingathe kutulutsa mphamvu ya mankhwala amene muyeso wake sudziwika, ndipo zambiri zotere zimamaliza kamphamvu kamene kanatsala. Tidziwenso kuti kufooka kwa impso sikupatsirana. Mungadye naye mbale imodzi, mungakhale naye pa benchi limodzi m'chalichi, palibe cimene mudzatenga.

Tidziwa kuti alipo amene anganene kuti, mudzi uli ndi mavuto ambiri, ana a sukulu, amasiye, feteleza, nanga bwanji kutaya ndalama pa matenda osacira? Funso limeneli lisatikwiyitse, cifukwa umphawi wathu ndi weniweni. Koma tikumbukire zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inalowa m'nyumba iliyonse ndipo mankhwala kunalibe. Magulu a mipingo osamalira odwala kunyumba sanafunse ngati munthu adzacira. Anasambitsa, anaphika phala, anatunga madzi. Pamene ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma ca m'ma 2005, ena amene anasungidwa mwa njira imeneyo anadzuka, ndipo tili nao mpaka lero. Wa BP saciranso, wa shuga saciranso, koma sitimawataya. Tate amene akhala zaka zina zisanu pa makina ndi tate amene aona mwana wake akumaliza sukulu, ndipo amanenabe mau pa za munda wa banja.

Nanga ticite ciyani? Coyamba ndi mayendedwe. Mphakati uliwonse, cigwirizano ca amayi, kopaletivu ya alimi kapena gulu la banki ya m'mudzi limene lili ndi wodwala wotere likhale ndi thumba la ulendo, lolembedwa m'buku, losungidwa ndi anthu awiri odalirika. Nthawi yabwino yolidzaza ndi yokolola, pamene ndowa imodzi ya cimanga pa nyumba siipweteka. Wodwala asamayende khomo ndi khomo kupempha. Ndalama imupeze isanakwane mbandakuca wa tsiku la ulendo. Operekeza nawo azisinthana, kuti mkazi kapena mwamuna wake apezeko tsiku lopuma ndi kuona kumunda.

Caciwiri ndi munda. Odwala ambiri amacitidwa opaleshoni yaing'ono pa mkono, yolumikiza mitsempha iwiri kuti pakhale polowetsera singano za makina. Mkono umenewo ndiwo moyo wao. Suyenera kunyamula katundu wolemera, kumangidwa cothina, kugonedwa, kapena kupimidwapo BP. Ndiye tikaona bambo wooneka wamphamvu atakhala pansi anzake akusenza matumba, tisamunene ulesi. Makolo athu anatisiyira dima. Tsiku limodzi lobzala, limodzi lopalira, limodzi lokolola, anthu makumi awiri angamalize munda umene ukanagonera. Mwini munda akhalepo, aziloza malire ndi kusankha mbeu, cifukwa mundawo ukali wake.

Cacitatu ndi cakudya, ndipo apa cikondi cathu cingathe kuvulaza. Takhala tikudziwa kuti wodwala timamutengera nthoci, kotapela, kandolo ndi botolo la thobwa. Kwa munthu wa pa makina, nthoci, kotapela, kandolo, mbatatesi ndi matimati zili ndi potaziyamu wambiri. Cidulo ca phulusa cimene timathira m'thelele cili naye wambiri zedi, ndipo ciyenera kupewedwa. Nyemba, nshawa ndi kapenta nazo zimafuna muyeso. Mcere ucepe, cifukwa umakweza BP ndi kubweretsa ludzu, pamene madzi akumwa ali ndi malire amene a cipatala anamuikira. Tiyi, thobwa ndi phala lamadzimadzi zonse zimawerengedwa pa malire amenewo. Ndiwo zamasamba ndi kandolo zingacepetsedwe mphamvu pozidula tizidutswa, kuziwiritsa m'madzi ambiri ndi kutaya madziwo. Thupi la wa pa makina limafuna zakudya zomanga thupi, conco mazira a nkhuku zathu za kumudzi ndi mphatso yabwino kuposa mkoko wa nthoci. Muyeso weniweni wa munthu aliyense auchule ndi a cipatala, ndipo wophika apite nao tsiku lina akamve yekha. Mlendo asakakamize kuti idyani pang'ono cabe, ndipo wodwala akakana tisakhumudwe.

Cacinai, tisamulande udindo. Munthu amafooka msanga akaona kuti anthu aleka kumufuna. Ngati anali mlembi wa kopaletivu, alembebe. Ngati anali woimba m'kwaya, msonkhano wa kwaya uzicitikira pakhomo pake nthawi zina. Ngati ndi nduna ya amfumu, milandu iikidwe pa masiku amene sali ku Chipata, podziwanso kuti akabwera ku makina amakhala wolefuka mpaka m'mawa mwake. Amene anakakamizika kusamukira kwa acibale ku Chipata kuti akhale pafupi ndi cipatala tiziwaimbira foni. Tiwauze za mvula, za mtengo wa soya, za amene wakwatira. Tisamafunse za matenda okhaokha.

Kwa inu abale athu amene muli pa makina, tikuti limbani mtima, koma musabise zowawa. Kutaya mtima, kusowa tulo ndi kulira kosadziwika cifukwa cake zimagwera anthu ambiri a matenda amenewa, ndipo si kucepa kwa cikhulupiriro. Uzani namwino, abusa, bambo mfumu kapena mnzanu wapamtima. Anzanu amene mumakhala nao maola anai m'cipinda cimodzi ca makina ndi abale anu atsopano. Patsanani manambala, funsanani pamene wina sanabwere. Musadumphe tsiku. Mukabanika, mukatentha thupi pamene muli ndi kapaipi pakhosi, kapena mukaona kuti mtsempha wa pa mkono waleka kunjenjemera, musadikire tsiku lanu, pitani msanga. Yendaniko pang'ono m'mawa, dyetsani nkhuku, phunzitsani adzukulu kuluka mphasa. Ndipo ngati tsiku lina thupi lidzalephera kupirira maulendo, nkhaniyo ikambidwe poyera ndi madokotala ndi banja, ndipo ife tidzakhale pafupi mpaka mapeto.

Kwa atsogoleri tili ndi mapempho atatu. Mu 2022 boma linakweza ndalama za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Makomiti a citukuko a m'mawadi athu akhale pansi ndi a zaumoyo, aone mmene odwala a maulendo osatha angathandizidwire pa mayendedwe. Caciwiri, monga tinamangira nyumba zodikiriramo amayi apakati pafupi ndi zipatala, paganizidwenso malo ogona odwala impso ocokera kutali monga Chadiza ndi Vubwi pafupi ndi cipatala ca Chipata. Cacitatu, a inshuwalansi ya umoyo ya NHIMA, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018, afike kumidzi kudzafotokoza m'Cinyanja mmene mlimi wosalandira malipiro a pamwezi angalembetsere, ndi zimene inshuwalansiyo imalipira pa dialysis. A zacisamaliro ca anthu nawo aone mabanja otere polemba olandira Social Cash Transfer.

Pomaliza, tidziteteze ife amene tikali oyenda. Impso zimaonongeka mwakacetecete, ndipo pamene munthu atupa zimakhala zitapita kale patali. Kupimitsa BP pa kiliniki kumatenga mphindi zocepa. Amene anapatsidwa mankhwala a BP, shuga kapena ma ARV asaleke cifukwa amva bwino. Tilekenso cizolowezi comwa mapilisi a ululu monga Brufen ndi diclofenac tsiku ndi tsiku tikacoka kumunda, cifukwa amadya impso. Mwana wokodza magazi apite akalandire mankhwala a likodzo.

Lacinai laciwiri la mwezi wa Malichi caka ciliconse ndi tsiku lokumbukira impso padziko lonse, kuyambira mu 2006. Ife tisadikire Malichi. Pa msonkhano wa mphakati kapena wa kopaletivu wa sabata ino, wina aimirire afunse ngati m'dera lathu muli munthu woyendera makina ku Chipata, tsiku lake lotsatira ndi liti, ndipo adzamuperekeza ndani. Akulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire. Buku la thumba la ulendo litsegulidwe tsiku lomwelo.