"Tapambana!" Koma "ife" ameneyu ndani?

Loweruka lina mwezi watha mng'ono wanga, yemwe ali Folomu 2, anandipeza ndikusita jezi yanga ya Arsenal. Anaima pakhomo kanthawi, kenako anati: "Achimwene, lero tikusewera pagiraundi ya kusukulu, ndipo akochi akuti ndiyamba nawo. Mubwera?" Ndinamuuza kuti andiona chigawo chachiwiri chikamayamba. Sindinapite. Masana onsewo ndinali m'chishedi cha malata kuno ku Kawale, momwe timaonera mpira wa ku England, titathinana pamabenchi, jenereta ikulira kuseri.

Madzulo ndinalowa pampanda ndikufuula kuti tapambana. Ndinamupeza ali pampopi, akutsuka nsapato zake. Nawonso anali atapambana, ndipo chigoli chimodzi anamwetsa ndi iyeyo. Sanadandaule. Anangondifunsa kuti: "Zayenda bwanji kwanuko?"

Mawu oti "kwanuko" andikhala pamtima mpaka lero. Kusukulu ndimaphunzira za zilankhulo, ndipo aphunzitsi athu amakonda kunena kuti timawu ting'onoting'ono ndi timene timaulula munthu. Tamverani mmene timalankhulira mu vidiyo sho iliyonse ku Biwi, ku Chinsapo kapena kwa Mgona: "Tagula osewera wapakati." "Kumbuyo kwathu kukudontha." "Chaka chino ligi ndi yathu." Munthu amene akunena zimenezi mwina alibe ngakhale pasipoti, jezi yake ndi ya pakaunjika ngati yangayi, koma akuti "tagula". Tagula ndi ndalama ziti? Nanga "ife" ameneyu ndani?

Musaganize kuti ndabwera kudzanyoza amene timatsatira mpira wakunja. Ndine mmodzi wa iwo ndipo sindikuganiza zosiya. Mpira wa Premier League ndi wokoma: kapinga wosalala, makamera mbali zonse, osewera ochokera m'maiko ambiri, kuphatikizapo a muno mu Africa. Ambiri a ife tinayamba kukonda Chelsea chifukwa cha Didier Drogba, kapena Liverpool chifukwa cha Sadio Mané ndi Mohamed Salah. Komanso vidiyo sho ndi malo amene mnyamata wakabaza ndi wophunzira wa kuyunivesite amakhala pabenchi imodzi n'kumatsutsana ngati anthu ofanana. Malo otero si ambiri mumzinda muno. Chimene ndikunena n'chakuti pali kusiyana pakati pa kuonera timu ndi kukhala mwini timu, ndipo ife tasokoneza ziwirizi.

Ndikapanda kupita kukaonera Arsenal, ku London palibe amene angadziwe. Bwalo la Emirates lidzadzabe ndi anthu pafupifupi 60,000. Koma tsiku lija, pagiraundi ya fumbi ija, panali mwana mmodzi amene ankayang'ana kunja kwa mzere kufunafuna nkhope imodzi, ndipo sanaione. Kumene kusowa kwako kumaoneka, kumeneko ndiye kwanu.

Ndikukumbukira usiku umodzi pamene mawu oti "ife" anali oona. Panali pa 25 January 2022, Flames ikusewera ndi Morocco ku Yaoundé, mumpikisano wa Africa Cup of Nations, nthawi yoyamba dziko lathu kudutsa ndime ya m'magulu. Mphindi zochepa masewero atayamba, Gabadinho Mhango anaona goloboyi wa Morocco atatuluka pang'ono, n'kuponya chibomba ali kutali ndithu, mpira n'kukagwedeza ukonde. Kawale yense anaphulika. Amayi amene sadziwa kuti ofusayidi n'chiyani anatuluka m'nyumba akululutira. A Manchester United ndi a Liverpool, amene masiku onse salankhulana bwino, anakumbatirana. Tinagonja 2-1, inde, koma palibe amene anafunsa mnzake kuti "zayenda bwanji kwanuko". Tonse tinali kumodzi.

Chimene chinandichititsa manyazi pambuyo pake ndi ichi: Charles Thomu, goloboyi amene anatchinga mipira ya Senegal mpaka masewero kutha 0-0, nthawi imeneyo ankasewerera Silver Strikers, ku Area 47 konkuno, ulendo wa minibasi ziwiri kuchokera kwathu. Ndinali ndisanamuonepo ndi maso. Ndinadikira kuti makamera a kunja andionetse munthu wa mumzinda wanga womwe. N'chimodzimodzi ndi Tabitha Chawinga. Asanapite ku Sweden, asanamwetse zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya amayi ya ku Italy ali ku Inter Milan, ankasewerera DD Sunshine ya muno mu Lilongwe. Ndi angati amene ankapita kukamuonera nthawi imeneyo? Lero iye ndi mng'ono wake Temwa, amene anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024, tonse tikuti ndi "athu". Timayamba kuwatcha athu eni ake akunja akatiuza kuti ndi abwino.

Tsono taonani mbiri ya matimu amene timawafera aja. Arsenal idayambitsidwa mu 1886 ndi anthu ogwira ntchito pafakitale ya zida zankhondo ku Woolwich. Manchester United idayamba mu 1878 ngati timu ya ogwira ntchito kunjanji, dzina lake lili Newton Heath. Everton idachokera ku timu ya patchalitchi. Sadayambe ndi kapinga wosalala ayi. Adakula chifukwa anthu a m'madera awo ankapita kukawaonera sabata ndi sabata, mpira ukome kapena usakome, bambo n'kutenga mwana wake, mwanayo n'kudzatenganso wake. Chimene timasirira pa TV ndi zipatso za anthu amene sadanyoze mpira wakwawo.

Mpaka lero eni akewo amauteteza. Ku England kuli lamulo lakale loti masewero a Loweruka masana, oyamba 3 koloko, asaonetsedwe pa TV m'dzikomo nthawi yomwe akuchitika. Cholinga chake n'chakuti anthu asakhale pampando kuonera matimu akuluakulu n'kusiya timatimu ta m'madera awo tikusewera m'mabwalo opanda anthu. Masewero omwewo, amene munthu wa ku Manchester sangawaone pa TV kwawo, ife timawaonera ku Area 23 popanda chotchinga, nthawi zina pomwe Super League yathu ikuseweredwa. Iwo adatseka khomo kuti nkhuku zawo zisathe, ife tidatsekula mazenera onse. Ndipo mu April 2021, pamene matimu 12 olemera a ku Ulaya adafuna kuyambitsa ligi yawoyawo, ochemerera a ku England adakhamukira kumabwalo kukachita zionetsero, mpaka ganizolo lidagwa pasanathe masiku atatu. Ife tidakwiya nawo pa Facebook, koma amene adamveka ndi amene adali pageti. Ameneyo ndiye mwini timu.

Ndikudziwa zimene anzanga angandiyankhe, poti nanenso ndakhala ndikuzinena. Mabwalo athu ambiri ndi oipa, moti mu 2021 Flames idakasewerera masewero ena "apakhomo" ku Johannesburg chifukwa CAF sidavomereze mabwalo akuno. Nkhani za kusokonekera kwa ndalama za pageti timaziwerenga m'nyuzipepala kawirikawiri. Pali masiku amene miyala imauluka anthu akakwiya ndi oyimbira. Sitinaiwalenso za pa 6 July 2017, pamene anthu 8, ambiri mwa iwo ana, adamwalira pothinana pageti la Bingu National Stadium, pachikondwerero cha ufulu wodzilamulira, masewero a Bullets ndi Silver Strikers asanayambe. Kholo limene limakaniza mwana wake kupita kubwalo lili ndi chifukwa chomveka. Zimenezi ndi zoona, ndipo a FAM, a SULOM ndi eni mabwalo ayenera kuziyankha.

Palinso vuto lina limene ndi la Lilongwe makamaka. Matimu athu akuluakulu ndi a maofesi. Silver Strikers ndi ya Reserve Bank, Civil Service United, imene akuluakulu amaitchulabe kuti Civo, ndi ya ogwira ntchito m'boma, Blue Eagles ndi ya apolisi, Kamuzu Barracks ndi ya asilikali. Matimuwa si ofooka: Kamuzu Barracks idatenga ligi mu 2016, Silver mu 2024. Koma mnyamata wa ku Area 25 amene bambo ake si msilikali kapena wa kubanki amavutika kunena kuti "ife". N'chifukwa chake ngakhale muno mu Lilongwe, ambiri otsatira mpira wakuno ndi Maule kapena Manoma, matimu a ku Blantyre. Koma kumbukirani kuti Arsenal nayonso idali timu ya pafakitale. Idasanduka ya anthu chifukwa anthu adailowerera. Matimu a kuno nawo atsike m'maofesimo: abwere adzachite zokonzekera pamagiraundi a m'makwalala, agulitse makadi a umembala pamtengo woti wophunzira angakwanitse, ndipo membalayo akhale ndi mawu.

Komabe funso ndi lakuti ayambe ndani. Timu yopanda anthu kubwalo imadalira thumba la munthu mmodzi kapena kampani imodzi. Taonani mmene Bullets yasinthira maina: Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets. Wanderers nayo idakhalapo Limbe Leaf, MTL, Be Forward, Mukuru. Dzina limatsata amene akulipira, chifukwa ife sitilipira. Wothandiza akachoka, osewera amakhala miyezi osalandira, ndipo wina waluso amasiya mpira n'kukayamba geni. Pomwepo ife ndalama tili nazo zogulira bando yotsatira zigoli, zolipirira pakhomo la vidiyo sho, ndi zobetchera. Ndikudziwa anzanga pakampasi amene amadziwa matimu a ligi yachiwiri ya ku Turkey, osati chifukwa choikonda, koma chifukwa ili patikiti yawo. Kumeneko si kukonda mpira. Munthu wotere sasangalala ndi chigoli chokongola ngati chamuonongera tikiti.

Sindikupempha aliyense kuti awotche jezi yake. Mtima wa munthu ndi waukulu, ungathe kusunga matimu awiri. Pempho langa ndi laling'ono: pa masewero anayi amene mumaonera pamwezi, amodzi akhale akuno. Pitani ku Silver Stadium, ku Civo, ku Nankhaka kapena ku Bingu, mulipire pageti, mulandire tikiti, ndipo muonetsetse kuti aing'amba. Ngati thumba silikulola, pitani pagiraundi ya m'dera lanu, pamene atsikana ndi anyamata akusewera ulere. Phunzirani maina awo asanatchuke. Ndipo ife amene tikuphunzira kulemba, tilembe za iwo. Mbiri ya Kinnah Phiri ndi anzake amene adatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979 ambirife timangoimva kwa akuluakulu akamacheza. Tikapanda kulemba za osewera a lero, ana athu adzadziwa mbiri ya Thierry Henry yokha. Munthu amene walipira ndi amenenso ali ndi mphamvu yofunsa kuti ndalama zapita kuti, chimbudzi cha pabwalo bwanji sichikugwira ntchito, mageti bwanji atsekulidwa mochedwa. Wokhala mu vidiyo sho alibe pofunsira. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo.

Loweruka lapitali ndinapita pagiraundi ya kusukulu ija. Mizere anaithira ndi phulusa, golo linalibe ukonde, ndipo masewero anaima kawiri, koyamba chifukwa cha mbuzi, kachiwiri chifukwa mpira unagwera kumpanda wa eni. Mng'ono wanga sanamwetse chigoli, ndipo anagonja 2-0. Foni inkanjenjemera m'thumba ndi mauthenga a gulu lathu la Arsenal, ndipo sindinama, ndinasuzumirako kangapo. Pobwerera ndinamunyamulira nsapato. Tili m'njira anandifunsa kuti ndauona bwanji mpirawo. Ndinamuuza kuti kumbuyo kwathu kukudontha, tikufunika kulimbitsa Loweruka likubwerali lisanafike.

Anandiyang'ana n'kuseka. "Kwathu, achimwene?"

Ndinati eya, kwathu.