Chingwe cha ku Mukobeko ndi mafunso a ku Geneva

Pulezidenti Hakainde Hichilema atasaina lamulo lothetsa chilango cha imfa pa 23 Disembala 2022, mayi wina wogulitsa kapenta pamsika wa Kaunda Square Stage 1 anandifunsa, uku akundiyezera m'kambale, ngati azungu ndiwo atikakamiza. Iyayi amayi, palibe anatikakamiza. Koma kuyambira 2008 Zambia yakhala ikuonekera pabwalo la Human Rights Council ku Geneva, kumene maiko amaunikana okhaokha pa ufulu wa anthu, ndipo mu 2012 ndi 2017 anzathu ankabwereza funso limodzimodzi: chingwe cha kundende ya Mukobeko, chimene chinanyonga munthu komaliza mu 1997, mukuchisungiranji? Mayankho a kumeneko amalembedwa, ndipo ine ndimawatenga ngati nkhani yaikulu. Chifukwa chake n'chakuti lamulo la mwambo pakati pa maiko limamera pa zinthu ziwiri: zimene maboma amachita, ndi kuvomereza kwawo kuti lamulo ndilo likuwamanga kutero. Boma likavomera pamaso pa anzake, mawuwo angasanduke umboni. Pa kuthetsa kunyonga mwambowu sunakhwime, poti China, Iran ndi United States akuphabe akaidi, koma mtima wanga unakhala pansi nditaona Zambia ikubwerera ku Geneva mu Januwale 2023 chingwe itachitaya.

Mlembi wanu wa ku Kaunda Square